Khoma Limene Anaimika Pakati pa Shedi

Amalume anga aakulu amadziwika ndi dzina lakuti a Sikweya. Dzinali analitengera ku kachitsulo kopindika kamene opala matabwa amayesera ngodya, chifukwa iwo sakasiya, ngakhale popita ku maliro. Akalowa m'nyumba ya munthu, asanapatsidwe n'komwe mpando, maso amakhala ali pa chitseko. Ukawaona akupukusa mutu, dziwa kuti felemu ndi yokhota. Ntchito yawo ndi zitseko ndi mafelemu basi. Mabedi ndi makabati amati ndi za amisiri ofuna kuwomberedwa m'manja. Chitseko chabwino palibe amachiyamikira, anthu amangotsekula n'kudutsa. Choipa ndicho chimachititsa kuti dzina la mmisiri lizitchulidwa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi la mayi ake.

Shedi yawo ili kumapeto kwa msewu wa okonza magalimoto, kuseri kwa mulu wa matayala akutha. Ndi yaitali, ya malata, ndipo imadontha pangodya imodzi imene akhala akunena kuti aikonza mvula ikatha. Pakati pake pali makina opalira matabwa, achitsulo chakuda, ogona ngati ng'ombe yokhuta. M'shedi imeneyi anagwiramo ntchito ndi mng'ono wawo kuyambira onse awiri ali ndi tsitsi lakuda mpaka pamene kunayamba kuvuta kusiyanitsa imvi ndi utuchi m'mutu mwawo. Mng'ono wawoyo ndi wotsiriza kubadwa m'banja la amayi anga, ndipo aliyense amangowatcha a Mzime. Nkhani ino ndi ya mmene awiriwa analekanirana, popanda wina kuba, popanda wina kutukula dzanja, lamulo lili chiimire n'kumavomereza ndi mutu. Ndikamaiganiza, mpaka lero mtima umanyamuka.

Ankagwira ntchito ngati manja awiri a munthu mmodzi. A Sikweya ankasankha matabwa, kuyeza, kulemba mizere ndi pensulo ya kukhutu, kulankhula ndi ogula ndi kutchula mtengo. A Mzime ankaboola, kulumikiza, kumata ndi guluu ndi kusalaza. Dzanja lawo linali lofatsa kuposa la akulu awo, ndipo a Sikweya ankadziwa zimenezo, ngakhale sanazinenepo mwini wake ali pomwepo. Ndalama zinkalowa m'thumba la a Sikweya, sabata ikatha n'kugawana. Palibe anafunsapo ngati zinali bwino choncho. Anakula choncho, m'nyumba imene wamng'ono satsogola kuyankha mkulu ali pafupi.

Chaka cha mmisiri wa zitseko chimayenda ndi thabwa. M'dzinja thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, choncho chitseko cha nyengo imeneyo amachipanga chothina, podziwa kuti dzuwa likabwera chidzaphwa. Cha m'chilimwe amachisiyira kampata kolowa chikhadabo, kuti mvula ikadzagwa chisadzakane kutsekeka. Kukazizira guluu amachedwa kugwira, ndipo a Mzime ankazungulira zitseko zopanidwa ngati mayi wa mwana wodwala, kukhudza apa, kununkhiza apo. Mphepo ikayamba, utuchi unkalowa m'tiyi, m'makutu ndi m'matumba, ndipo a Sikweya ankati amene sanamwepo utuchi asadzitche mmisiri.

Kenako kunabwera chaka chabwino, ndipo ndicho chinawapweteka. Kutsidya kwa njanji nyumba zinayamba kumera ngati bowa, ndipo nyumba iliyonse inkafuna zitseko. Makina ankalira kuyambira mame asanaume mpaka dzuwa kupendeka. Tsono lamulo la misonkho limati bizinesi ikagulitsa katundu wopitirira mlingo wakutiwakuti pa chaka, mwini wake akalembetse, ayambe kuwonjezera msonkho pa mtengo wa chilichonse chimene akugulitsa, n'kumakaupereka ku boma. Abale awiriwa anali atatsala pang'ono kudumpha mlingo umenewo. A Sikweya sankaopa kupereka. Msonkho wa phindu ankapereka kale chaka ndi chaka, mong'ung'udza ngati munthu wina aliyense. Chimene ankaopa ndi chakuti chitseko chawo chikakwera mtengo, womanga nyumba adzathawira kwa amisiri a m'mbali mwa msewu, okhoma matabwa aawisi pansi pa mtengo, amene boma silikuwadziwa n'komwe.

Apa ndi pamene analowerapo a Chikwama. Ameneyu anali munthu wowerengera ena ndalama, woyenda shedi ndi shedi ndi chikwama chachikopa chimene sankachiika pansi. Nsapato zake zinkawala ngakhale mumsewu wa mafuta ndi fumbi uja. Anafika masana ena kukutentha, n'kuyala kaye mpango pa benchi asanakhale.

"Bambo Sikweya, inu ndi a Mzime muli anthu angati?"

"Mukuona nokha. Awiri."

"Nanga mukufuniranji kufa ngati munthu mmodzi? Mabizinesi akhale awiri. Inu mafelemu, iwo zitseko. Aliyense dzina lake, chiphaso chake, akaunti yake ku banki. Zogulitsa zigawike pakati, aliyense atsale pansi pa mlingo. Msonkho uja ukudutsani pamutu ngati mtambo wopanda mvula."

"Kumeneko si kuba?"

A Chikwama anaseka mpaka kugwira tayi. "Kuba ndi kubisa zimene wagulitsa. Inu simubisa kanthu, ngakhale msomali udzalembedwa. Kumeneku ndi kuyenda ndi maso. Mukuiona kampani ya mipando ili kumtunda kuja? Pageti pali dzina limodzi, koma m'kati muli makampani atatu. Mukuganiza kuti iwo aja alemera chifukwa chopemphera kuposa inu?"

A Mzime ankasalaza chitseko chapafupi, osatukula mutu. A Sikweya anawatembenukira.

"Iwe Mzime, ukuti bwanji?"

"Mmene mungaonere, achimwene."

Sabata yomweyo anaimika khoma pakati pa shedi, la matabwa opyapyala, lotalika kungopitirira mutu pang'ono. Linathera pa makina, chifukwa makina sungawadule pakati. Panja anakhoma zikwangwani ziwiri, china cha mafelemu, china cha zitseko chokhala ndi dzina la a Mzime. Amayi anga, mlongo wawo, atabwera kudzaona, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mwayamba liti kuopana maso inu awiri? Mapanga awiri avumbwitsatu."

"Ndi khoma la maso chabe, mlongo," anatero a Sikweya. "Ndikhoza kuligwetsa ndi chigongono."

Ndipo linalidi la maso chabe. Matabwa ankagula ndi a Sikweya, pa lole imodzi. Magetsi anali amodzi, ketulo imodzi, tsache limodzi. Ndalama zinkalowa m'maakaunti awiri, koma sabata ikatha a Mzime ankakatapa zawo n'kubwera nazo kwa akulu awo kuti agawe monga kale. A Chikwama ankabwera mwezi ukatha kudzalemba mabuku awiri, n'kulandira malipiro kawiri. Pa anthu onsewa, amene anapezadi mabizinesi awiri anali iye yekha.

Panali kanthu kamodzi kamene kanasintha. M'mawa a Mzime akafika, ankayamba apukuta fumbi pa chikwangwani chawo ndi mkono wa malaya. Ku banki anayamba kuwatcha bwana. Anagula cholembera chawochawo n'kumachikoleka pathumba la pamtima. Amayi anga anaziona zimenezi. A Sikweya, amene amaona felemu yokhota ali kutsidya kwa msewu, sanaone kanthu.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Nyengo yozizira itafika, a ku ofesi ya misonkho anatumiza uthenga kuti abwera kudzayendera. Dzulo lake a Chikwama anawaphunzitsa ngati ana a kwaya: aliyense akhale mbali yake, aliyense ayankhe za iye yekha, ketulo ibisidwe. M'mawa wa nkhungu kunabwera mayi wa misonkho, wovala juzi yotuwa, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anali wofatsa. Anaona mapepala a mbali ino, anaona a mbali inayo, zonse zoyera. Anatseka chikwatu chake, anathokoza, n'kuyamba kutuluka kudzera mbali ya a Mzime. Pafupi ndi khomo panatsamira chitseko chatsopano, mizere ya thabwa lake ikuyenda ngati madzi a mumtsinje. Mayi uja anaima n'kuchisisita.

"Koma ichi ndiye chitseko. Changa kunyumba chimafuna kuchimenya ndi phewa. Chotere mumagulitsa bwanji, bambo?"

Nkhope ya a Mzime inawala, pakuti anachipanga ndi mtima wonse. Anatembenukira kukhoma lija n'kukweza mawu monga ankachitira masiku onse a moyo wawo.

"Achimwene! Cha mapanelo anayi chija tikuti zingati?"

Ndipo kuseri kwa khoma a Sikweya, monga masiku onse a moyo wawo, anatchula mtengo, n'kuwonjezera kuti, "Usatsitse iwe, thabwa limenelo ndinagula modula."

Mayi uja anachotsa dzanja pa chitseko pang'onopang'ono.

"Ndibwerekeniko mpando," anatero.

Anakhala mpaka nkhungu itatha ndi dzuwa kutentha malata. Matabwa amagula ndani? Magetsi amalipira ndani? Wogula akafuna chitseko ndi felemu yake amalankhula ndi anthu angati? Makinawa ndi a yani? Pa funso lotsirizali abale awiri aja anayankha pamodzi kuti, "Athu." Mayi uja analemba.

Kalata inafika mphepo itayamba kuulutsa mapepala mumsewu. Inati ofesi ikuona kuti bizinesi ndi imodzi kuyambira tsiku limene khoma linaimikidwa, choncho msonkho wonse umene sanatolere kwa ogula aupereke okha, ndi chindapusa pamwamba. A Sikweya anavala jekete lawo la ku maliro ndipo ine ndinawaperekeza. Tinadikira pa benchi m'khonde lalitali lonunkha polishi, kenako anatilowetsa m'kachipinda kodzaza makabati achitsulo. Mayi uja anali kuseri kwa tebulo. Amalume anakana kukhala.

"Mayi, ndabisa chiyani ine? Tchulani chitseko chimodzi chimene sichinalembedwe."

"Palibe, bambo. Mukanabisa, bwenzi tikukamba za ndende, osati za chindapusa. Khalani pansi."

"Ndiima. Mlandu wanga ndi wotani?"

"Lamulo silikakamiza munthu kupereka msonkho woposa umene ayenera. Mukanalembetsa, msonkho umene mumalipira pogula matabwa, guluu ndi magetsi bwenzi mukuuchotsera pa umene mukubweretsa kuno. Makina anu aja amakalamba chaka ndi chaka, ndipo kukalambako kumachotsedwa pa phindu. Zimenezo ndi zanu, tengani zonse, palibe angakulozeni chala. Ngakhale kugawana bizinesi n'kololedwa, ngati mwagawanadi. Koma inu munaimika khoma la ntchito imodzi yokha, yakuti ife tione awiri pamene pali mmodzi. Ife timayang'ana mmene anthu akugwirira ntchito, osati mmene alembera."

"Za matabwa ndi magetsizo a Chikwama sanatiuze."

"Zimenezo zimafuna kusunga malisiti chaka chonse. Khoma ndi la tsiku limodzi."

"Nanga a kumtunda aja, a makampani atatu pageti limodzi? Iwo aja mumawabwerekanso mpando?"

Mayi uja anavula magalasi. "Za anthu ena sindikamba. Koma kumene kuli makampani enieni, iliyonse imakhala ndi nyumba yake, makina ake, woyendetsa wake, ndipo imodzi ikafuna kanthu kwa inzake imagula."

"Mwini wake ndi mmodzi! Amakwera galimoto imodzi, amagona pa bedi limodzi, akadwala mutu makampani onse atatu amamwa mankhwala!"

"Mwina," anatero mayi uja motsitsa mawu. "Koma makoma awo ndi a njerwa."

Sindikunena kuti mayi uja ananama. Malire alipodi pakati pa kuchepetsa msonkho ndi kuuzemba, ndipo iye anawalongosola bwino kuposa wina aliyense amene amalume anamulipirapo. Khoma lija linali bodza, ndipo bodza loimikidwa ndi misomali ndi bodzabe. Chimene chimandiwawa ndi malo amene malirewo anadutsa. Anadutsa pamene munthu wa ndalama zomangira nyumba zitatu amapezeka waima mbali yabwino popanda kusuntha phazi. Wolemera amagawana ndi iye mwini, ndipo palibe chimamupweteka. Wosauka kuti afike pamalo omwewo ayenera kugawana ndi mwana wa mayi ake. Awiri onsewa akufuna chinthu chimodzi, koma wina amatchedwa wochenjera pa zamalonda, wina amalandira kalata.

A Chikwama tinamupeza tsiku lomwelo pa matayala, akuyala mpango pa benchi ya munthu wina.

"Ine ndinati mukhale awiri," anatero, osachita ngakhale manyazi. "Sindinati muzifuulirana mitengo pamwamba pa khoma ngati ogulitsa tomato. Mankhwala anali abwino, odwala ndiwo sanamwe bwino."

A Sikweya anasolola sikweya m'thumba, ndipo okonza matayala awiri anachita kuwagwira. A Chikwama anapinda mpango wake mosafulumira n'kumapita. Mpaka lero akuyendabe shedi ndi shedi. Dzina lake silinali pa pepala lililonse.

Kuseri kwa shedi kunali mulu wa matabwa a mtengo wolimba amene a Sikweya anakhala akuwaumitsa pamthunzi kwa zaka, atawasanja ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Mvula ikayandikira ankawafunditsa, ikatha ankawatembenuza limodzi limodzi. Ankati amenewo ndi a zitseko zimene zidzatsale iwo atapita. Kuti alipire zimene kalata inanena, anagulitsa mulu wonse. Amene anali ndi ndalama zogulira nthawi imodzi anali a kampani ya kumtunda ija. Lole yawo inabwera kutentha kwa chilimwe kuli pachimake, ndipo amalume anaima motsamira khoma, osathandiza kukweza.

Madzulo a tsiku limenelo anatenga nyundo. Maganizo awo anali atakhazikika: khoma ligwe, alembetse ngati bizinesi imodzi, asunge malisiti monga ananenera mayi uja, mtengo ukwere, ogula ena athawe, otsala atsale. Anamenya kamodzi, thabwa n'kung'aluka.

"Lisiyeni, achimwene."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati lisiyeni kaye. Ndikufuna ndilankhule."

"Lankhula ndikugwetsa. Makutu sagwira nyundo."

"Msewu wonse ukundiseka," anatero a Mzime. "Ndikadutsa pa matayala amakuwa kuti, achimwene, tikuti zingati? Dzulo ndimagula nthochi, mayi wogulitsa akuti, mwafunsa kaye kwa akulu anu ngati muli ndi njala?"

"Asiye aseke, mano ndi awo."

"Akuseka zoona. Ine ndili ndi zidzukulu, koma sindidziwa mtengo wa chitseko chimene ndapanga ndi manja angawa. Mayi uja sananditchere msampha. Anangondifunsa funso limene mwini katundu aliyense amayankha ali m'tulo."

A Sikweya anatsitsa nyundo. "Unasowapo chiyani m'manja mwanga? Unagonapo ndi njala? Ndinakudyerapo ngakhale kamodzi?"

"Simunandidyere. Munandibereka kumsana. Ndiye miyendo yangayi sindikuidziwa."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Anati kugawana n'kololedwa ngati tagawanadi. Tigawanedi."

"Chifukwa cha msonkho? Matabwa anga apita lero lomwe chifukwa cha pakamwa pako, ndiye madzulo ano ukuti nawenso ukupita?"

"Pakamwa panga panafunsa. Panayankha ndi pa yani?"

Aka kanali koyamba a Mzime kubweza mawu kwa akulu awo, ndipo onse awiri anadzidzimuka nako. A Sikweya anaponya nyundo pa mulu wa utuchi.

"Pita! Ukaone ngati chikwangwani chimapala matabwa!"

Amayi anga anayesa. Anawaitana onse awiri kunyumba, n'kuwakhazika pa mpando umodzi wautali ngati ana olakwa. Anawakumbutsa kuti anayamwa bere limodzi, kuti chibale ndi fupa sichiola, kuti a Mzime ali wakhanda ankagona pamsana pa a Sikweya amayi awo ali kumunda.

"Ukawauze a boma zimenezo," anatero a Sikweya. "Mwina ali ndi pepala lolembapo bere."

"Inu achimwene," anatero amayi, "pakamwa panu mpokhota kuposa mafelemu amene mumanyoza. Nanga iwe Mzime, wakwiyira mayi wa nthochi, ndiye ukulanga m'bale wako?"

A Mzime anangoyang'ana pansi. "Sindinakwiyire munthu, alongo. Ndikungofuna ndione ngati ndingathe, ndisanafe."

Ndikukhulupirira kuti pamenepo amayi mumtima anawavomereza. Inenso sindiwaimba mlandu a Mzime. Koma akanatha kupempha zimenezo pa tsiku labwino, shedi ili yodzaza, ndipo mwina akulu awo akanang'ung'udza sabata imodzi n'kuyamba kuwasiyira ogula ena. Zinatulukira pa tsiku loipa, chifukwa cha nzeru yogula kwa munthu wa nsapato zowala, pa anthu awiri opsa mtima ndi ochita manyazi.

Anagawana mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili ponseponse. A Mzime anapeza kachipinda kumbali ina ya tauni, kuseri kwa malo okwerera mabasi. Zipangizo anaziyala pansi n'kumasankha mosinthana, macheka, zopanira, nyundo. Makina anatsala, chifukwa anamangiriridwa mu simenti, ndipo magetsi a m'kachipinda kaja sakanawakoka. Ngolo ya zipangizo za a Mzime itanyamuka, a Sikweya anagwetsa khoma lija okha. Silinafune ngakhale chigongono.

Chaka chitatembenuka, mayi wa misonkho anabweranso. Anayenda m'shedi yonse, anaona benchi imodzi yopanda munthu, anaona malisiti atabayidwa pa msomali mwadongosolo. Tsopano aliyense wa abale awiriwa analidi pansi pa mlingo, ndipo a Sikweya ankapereka msonkho wochepa kuposa chaka china chilichonse cha moyo wawo.

"Tsopano zili bwino, bambo," anatero.

"Zili bwino kwa yani?"

Mayi uja anayang'ana benchi ija, n'kutsanzika.

Masiku amenewo amalume anayamba kupanga chitseko chonse okha. Ngodya zinkatuluka zoongoka monga kale, koma kusalala kuja kunapita. Ankasisita thabwa n'kutukwana chapansipansi. Za a Mzime ankazimvera kwa amayi anga, ndipo ankafunsa mokhala ngati sakufunsa: kachipinda kaja sikadontha, guluu akugula kuti, ogula sakumupondereza? Anamva kuti miyezi yoyamba ankagulitsa motchipa mpaka kuluza, kenako anaphunzira. Anamvanso kuti akupala matabwa pamanja, ndipo mapewa akuwawa. Atamva zimenezo anakhala tsiku lonse akunola mipeni ya makina ndi kuthira mafuta, osauza munthu chifukwa chake.

A Mzime anabwera mvula itatha, udzu wa m'mbali mwa msewu utayamba kufiira. Anabwera m'mawa, ndi ngolo yaganyu yodzaza matabwa, n'kuima panja pa khomo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka. Waonda. Tsitsa matabwawo."

"Ndabwera kudzapalitsa. Mundiuze mtengo wake, ndipo mundilembere lisiti."

"Usandilankhule zamisala m'mawa uno. Tsitsa."

"Popanda lisiti sinditsitsa. Akadzamva kuti ndimapala ulere kuno, adzati tikadali amodzi. Kalata ina ikabwera mugulitsa chiyani?"

"Makina awa tinagula tonse, iwe! Taona apa pamene utoto unatha, ndi dzanja lako limeneli. Ine ndikulipiritse iwe? Ndikawauza chiyani malemu amayi athu ndikadzawapeza?"

"Muwauze kuti ndinachita kupempha ndekha."

"Sindilemba. Dzanja langa liume."

"Ndiye ndipita kumtunda. Amapalira anthu akunja."

"Kwa anthu amene anadya matabwa anga?"

"Iwo aja amapereka lisiti, achimwene."

A Sikweya analowa m'kati n'kuyatsa makina. Analira bwino, mipeni yonoledwa ikudula mphepo. Anaima pambali pake manja ali okonzeka kulandira thabwa, maso ali pakhomo. A Mzime anaima padzuwa, dzanja lili pa chingwe chomangira matabwa. Wokoka ngolo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, n'kufunsa ngati alipidwa za kuima. Okonza matayala anasiya ntchito. Palibe anaseka.

Kenako a Mzime anachotsa dzanja pa chingwe. "Tiye," anauza wa ngolo.

A Sikweya anatuluka mpaka pakati pa msewu. Anatukwana a Chikwama ndi nsapato zake, anatukwana kalata ndi amene anailemba, anatukwana makoma a njerwa ndi mwini wake, mawu mpaka kusasa. Dzina la mng'ono wawo sanalitchule. Ngolo inakwera mtunda pang'onopang'ono, matabwa akugwedera, a Mzime akukankha kumbuyo, osacheuka.

Njira ya kumtunda ndi imodzi, ndipo imadutsa pakhomo pa shedi. Mpaka lero ngolo ija imadutsa pamenepo matabwa akawathera a Mzime. A Sikweya amaizindikira ikadali kutali, pa matayala paja. Amasiya chimene akuchita n'kuyatsa makina, ngakhale palibe chopala, mpaka itapita.